Mvula Yoyamba pa Nthaka Youma: Momwe Fosiforasi Amachokera M'munda Kupita M'madzi

Kuyambira mwezi wa Meyi mpaka Okutobala, minda yambiri ya m'boma la Zomba imakhala yosalawa mvula yeniyeni. Dzuwa la mu Seputembala ndi Okutobala limawamba nthaka mpaka dothi la pamwamba kusanduka fumbi, ndipo m'madambo a makande mumatseguka ming'alu yolowa dzanja. Tsono tsiku lina kumwamba kumachita bii, chizimalupsa n'kugwa, ndipo pakangotha maola ochepa mitsinje ya Likangala, Domasi ndi Thondwe imakhala itafiira. Matopewo aliyense amawaona, pajatu akuluakulu anati walira mvula walira matope. Koma m'madzi omwewo mumapitanso chinthu china chimene maso saona, chomwe mlimi amachigula ndi ndalama zambiri: mchere wa m'nthaka wotchedwa fosiforasi.

Akatswiri a zanthaka anapeza kuti fosiforasi sachoka m'munda mofanana chaka chonse. Wambiri amachoka m'masiku owerengeka a mvula yamphamvu, ndipo nthawi yoopsa kwambiri ndi pamene nthaka imene inauma gwaa yanyowa mwadzidzidzi. Choncho zimene zimachitika m'munda mvula isanagwe, ndiponso m'sabata zoyambirira za dzinja, ndizo zimagamula ngati fosiforasiyo adyetse chimanga kapena akadyetse ndere m'madzi.

Mchere umene subwerera wokha

Fosiforasi ndi umodzi mwa michere itatu ikuluikulu imene mbewu zimafuna, pamodzi ndi nayitrojeni ndi potaziyamu. Ndiye amathandiza mizu kukula msanga ndi njere kukhwima bwino. Chimanga chikamusowa chimapinimbira chikadali chaching'ono, masamba ake a m'munsi n'kumaoneka ofiirira m'mphepete. Pa thumba la feteleza wokulitsa wa 23:10:5+6S+1.0Zn, nambala ya 10 ndiyo imaimira fosifeti. M'thumba la makilogalamu 50 muli makilogalamu 5 a fosifeti, amene mwa iwo fosiforasi weniweni amangopitirira pang'ono makilogalamu awiri. Feteleza wakale wa 23:21:0+4S anali ndi fosifeti woposa pamenepa kawiri.

Nayitrojeni akachepa m'munda, nandolo, soya ndi mtedza zimatha kumukoka mu mpweya n'kumubwezera m'nthaka. Fosiforasi alibe njira yotero, pakuti mu mpweya mulibe. Gwero lake ndi miyala. Amakumbidwa m'mayiko monga Morocco, ndipo feteleza wake amafika m'Malawi kudzera m'madoko a Beira, Nacala ndi Dar es Salaam, atagulidwa ndi ndalama zakunja. Ku Tundulu m'boma la Phalombe, chakumwera kwa nyanja ya Chilwa, kuli miyala ya fosifeti, koma mwala wongoperedwa umasungunuka mochedwa kwambiri m'nthaka. Motero fosiforasi amene wakokoloka m'munda sabwerera yekha. Mlimi ayenera kumugulanso, kapena kumututa m'khola monga manyowa.

M'nthaka, mchere umenewu umasungidwa m'nkhokwe zitatu. Yoyamba ndi timibulu ta dothi, makamaka ta katondo, tomwe tili ndi ayironi ndi aluminiyamu wogwira fosiforasi zolimba. Yachiwiri ndi zinyalala zowolerana: mapesi, mizu yakufa ndi manyowa. Yachitatu ndi matupi a tizamoyo tosaoneka ndi maso, monga mabakiteriya ndi nkhungu, timene timakhala miyandamiyanda m'dothi lodzaza dzanja limodzi. Fosiforasi wosungunuka m'madzi a m'nthaka amakhala wochepa zedi pa nthawi iliyonse, n'chifukwa chake kwa zaka zambiri anthu ophunzira ankati mcherewu suyenda. Kuuma ndi kunyowanso kwa nthaka kumagwedeza nkhokwe zitatu zonsezi nthawi imodzi.

Zimene zimachitika nthaka youma ikanyowa

Nkhani imayamba ndi tizamoyo tija. Nthaka ikamauma, tina timafa ndi ludzu, matupi ake n'kutsala m'dothi osawola chifukwa palibe chinyontho. Tina timapirira podziunjikira michere m'kati mwa matupi ake kuti madzi ochepa amene tili nawo asatuluke. Mvula ikagwa mwadzidzidzi, madzi amalowa m'matupi amenewa mothamanga, mofanana ndi momwe tomato wakupsa amang'ambikira akathiriridwa kwambiri pambuyo pa ng'amba. Tambiri timaphulika, ndipo totsala timalavula michere ija kuti tipulumuke. Fosiforasi amene anali wotsekeredwa m'matupimo amapezeka ali m'madzi.

Zimenezi zinayamba kumveka bwino kuno ku Africa. Mu 1958 katswiri wina, H. F. Birch, amene ankagwira ntchito kum'mawa kwa Africa, anasonyeza kuti nthaka youma ikanyowetsedwa, zinyalala zimawola mofulumira kwa masiku angapo ndipo nayitrojeni wambiri amamasuka. Mpaka lero akatswiri amatchula chochitikachi ndi dzina lake. Mu 2001, Benjamin Turner ndi Philip Haygarth analemba m'magazini ya sayansi ya Nature kuti ndi mmenenso zimakhalira ndi fosiforasi. Ataumitsa dothi la m'malo odyetsera ziweto ku England ndi Wales n'kulinyowetsanso mwachangu, fosiforasi wosungunuka m'madzi anachuluka kwambiri, ndipo wambiri anali wochokera m'matupi a tizamoyo. Alimi a kuno amadziwa mbali yabwino ya nkhaniyi ngakhale sanailembe m'buku: chimanga chodzala ndi mvula yoyamba chimamera ndi mphamvu kuposa chochedwa, ndipo chimodzi mwa zifukwa zake n'chakuti chimapeza michere imene yangomasuka kumene.

Chachiwiri chimachitikira timibulu ta dothi. M'kati mwa kam'bulu kouma muli timipata todzaza mpweya. Madzi akakazinga mbali zonse nthawi imodzi, mpweyawo umapanikizika n'kuphulitsa kam'buluko. Aliyense angaone zimenezi poponya chibuma chouma m'mbale ya madzi: chimatulutsa thovu n'kusungunuka osakhudzidwa. Timibulu tikaphwanyika, zinyalala zimene zinabisika m'kati zimaonekera poyera, ndipo dothi limasanduka tinthu tosalala topepuka. Tinthu tosalalati ndi timene timanyamula fosiforasi wochuluka, ndiponso ndi timene madzi amayamba kutenga. Mchenga wolemera umatsala m'munda, chonde n'kupita.

Chachitatu ndi chakuti dothi losalalalo limatseka timabowo ta pamwamba pa nthaka. Madontho a mvula akamamenya nthaka yopanda chophimba, pamwamba pamapangika kakhungu kolimba, madzi n'kulephera kulowa pansi. Ngati mundawo unatenthedwa, vuto limakula. Moto umaulutsa nayitrojeni ndi salufa wa m'mapesi kupita mu utsi, koma fosiforasi wambiri amatsala m'phulusa, lomwe ndi lopepuka ndiponso losachedwa kusungunuka. Mvula imene imazima lupsa ndi yomwenso imasesa phulusalo kupita nalo kumtsinje.

Chachinayi chimaoneka m'makande. Ming'alu ya m'chilimwe imakhala ngati ngalande, ndipo madzi a mvula yoyamba amatsikira m'menemo osasefedwa ndi dothi. Amanyamula fosiforasi kuchokera pamwamba n'kukamusiya pansi pamene mizu ya mbewu zazing'ono siingafike, kapena kutuluka naye m'ngalande za m'mphepete mwa dimba. Makande akafufuma ming'alu n'kutsekeka, njirayo imatha, koma zoyamba zija zimakhala zitapita kale.

Pa zonsezi, mfundo yofunika kwambiri ndi yakuti fosiforasi womasukayo sakhala m'madzi nthawi yaitali. Madzi akalowa pansi pang'onopang'ono, dothi la katondo limamugwiranso, tizamoyo totsala timachulukana n'kumudya, ndipo mizu imatengako gawo lake. Pakapita maola kapena masiku ochepa, zinthu zimabwerera mwakale. Kutayika kumachitika ngati pa nthawi yochepayo madzi athamanga pamwamba pa nthaka. Kafukufuku anasonyezanso kuti nthaka ikauma kwambiri imamasula fosiforasi wochuluka, ndipo ikanyowa pang'onopang'ono imamasula wochepa, chifukwa tizamoyo timapeza mpata wozolowera. Mlimi sangalamule mvula, koma angathe kuchepetsa kuuma kwa nthaka yake ndi liwiro limene madzi amafikira pa dothi.

M'madambo ndi m'minda ya mpunga

M'malo amene madzi amaima, monga m'minda ya mpunga ya m'masikimu a Likangala ndi Domasi ndiponso m'madambo ozungulira Chilwa, pali njira inanso. Nthaka ikamizidwa kwa masiku angapo, mpweya wa okosijeni umatha m'dothi. Pamenepo mabakiteriya ena amasintha ayironi wa m'dothi kuchoka pa mtundu wofiira ngati dzimbiri kukhala mtundu wosungunuka m'madzi. Ayironi akasungunuka, fosiforasi amene anamugwira amamasuka. N'chifukwa chake dothi la pansi pa dambo limaoneka lotuwa, ndipo pamene madzi a m'dambo atulukira poyera pamaoneka utoto wa dzimbiri: ndi ayironi uja wakumananso ndi mpweya.

Kwa mpunga izi n'zabwino, pakuti umapeza fosiforasi mosavuta m'munda womira. Koma madzi a m'mundamo akatsegulidwa kupita kungalande atangothiridwa feteleza, kapena madzi osefukira akadutsamo, mcherewo umatuluka nawo. Dambo likauma, ayironi amabwerera ku mtundu wa dzimbiri n'kugwiranso fosiforasi. Komabe matope akauma kwa nthawi yaitali ayironiyo amalimba, mphamvu yake yogwira n'kuchepa, kotero kuti madzi akabweranso fosiforasi wochuluka amamasuka. Dambo losiyidwa ndi udzu wake limasefa madzi ochokera kumtunda. Dambo lolimidwa mpaka m'mphepete mwa mtsinje, lokumbidwa ngalande zouma nazo msanga, limasiya kusefa n'kuyamba kutulutsa zimene linasunga kwa zaka zambiri.

Kumene fosiforasiyo amakathera

Mitsinje ya kum'mawa kwa phiri la Zomba imathira m'nyanja ya Chilwa, malo oyamba m'Malawi kulembedwa pa mgwirizano wa Ramsar woteteza madambo. Nyanjayi ilibe mtsinje wotulutsa madzi. Madzi amachoka pouluka ndi dzuwa, koma michere ndi matope zimene zalowa zimakhala momwemo. Komanso ndi nyanja yosaya, imene inaphwa mu 1968 ndi mu 1995, ndipo mbali yake yaikulu inaumanso mu 2018. Tingati Chilwa yense ndi chitsanzo chachikulu cha nthaka youma n'kunyowanso. Akatswiri a Yunivesite ya Malawi anatsatira kuphwa kwa 1968 ndi kudzazanso kwa nyanjayi, ndipo zimene anapeza zinatuluka m'buku mu 1979, lokonzedwa ndi Margaret Kalk, A. J. McLachlan ndi C. Howard-Williams.

Madzi akabwerera pa matope ouma, pa udzu wakufa ndi pa ndowe za ng'ombe zimene zinkadya pamenepo, michere imamasuka, tizomera ta m'madzi timachuluka, ndipo matemba, makumba ndi milamba zimapeza chakudya. Kumasuka kwa michere kotereku ndi mbali ya moyo wa nyanjayi kuyambira kale, ndipo asodzi a ku Kachulu ndi pa chilumba cha Chisi amadalira chonde chimenechi. Vuto limabwera michere ikapyola muyeso.

Alimi a nsomba a ku Chingale ndi ku Domasi amaudziwa bwino muyeso umenewu. Amathira manyowa m'damu mwadala kuti madzi abiriwire, chifukwa kubiriwirako ndi chakudya cha nsomba. Koma manyowa akachuluka, m'mamawa nsomba zimapezeka zili pamwamba pa madzi kukamwa kuli yasa, chifukwa usiku ndere ndi mabakiteriya owoletsa ndere zakufa zimakhala zitamaliza okosijeni. Zimene zimachitika m'damu la nsomba zimachitikanso m'damu la mudzi, m'thamanda la mtsinje ndi m'nyanja, kusiyana kwake n'kwakuti kumeneko palibe amene amayeza manyowawo. Mitundu ina ya ndere imatulutsanso poizoni wodwalitsa ziweto ndi anthu, ndipo madzi otere amadula kuwayeretsa.

Kuti fosiforasi ndiye amayambitsa kwambiri kubuka kwa ndere m'madzi opanda mchere zinaonetsedwa poyera ku Canada. Mu 1973 David Schindler ndi anzake anagawa pakati nyanja ina yaing'ono ya ku Ontario ndi chinsalu cha pulasitiki. Mbali zonse ziwiri anathiramo nayitrojeni ndi kaboni, koma fosiforasi anathira mbali imodzi yokha. Mbali imeneyo inabiriwira ndi ndere, inayo n'kukhalabe yoyera. M'madzi a m'mayiko otentha nayitrojeni ndi kuwala kwa dzuwa zimathandiziranso, koma phunziro lake ndi lomwelo: fosiforasi wochepa, amene mlimi sangazindikire msanga kuti wachoka m'munda, ndi wokwanira kusintha madzi.

Kumadzulo kwa phiri, mitsinje ya dera la Chingale imathira mu Shire. Kumeneko michere yochokera m'minda imanenepetsa namasupuni ndi zomera zina zoyandama, zimene pamodzi ndi matope zimasokoneza makina opangira magetsi ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Chonde chimene chasowa m'munda wa chimanga chimakasanduka ntchito yovuula zinyalala pa mtsinje.

Chifukwa chake nkhaniyi ikukulirakulira

Kale nthaka inkauma kwambiri kamodzi pa chaka, n'kunyowa dzinja lonse. Masiku ano ng'amba za pakati pa dzinja zikuvutitsa alimi kawirikawiri, ndipo zikatha kumabwera mvula yamkuntho. Ng'amba ya mu Januwale kapena Febuluwale ndi yoopsa mwapadera chifukwa imapeza feteleza ali kale m'munda. Zaka zaposachedwapa zaonetsa mbali zonse ziwiri: mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anakokolola minda m'maboma a chigawo cha kumwera, ndipo chaka chotsatira chilala cha El Niño chinachititsa boma kulengeza mu Malichi 2024 kuti maboma 23 mwa 28 agwa m'mavuto aakulu. Kuuma ndi kunyowa kukamasinthana motere, mpata wotaya fosiforasi umatseguka kangapo m'chaka chimodzi.

Izi zikugwera pa nthaka imene ikukokoloka kale. Kafukufuku wa bungwe la FAO pamodzi ndi boma la Malawi anapeza kuti mu 2014 dziko lino linkataya pafupifupi matani 29 a dothi pa hekitala iliyonse pa chaka. Popeza dothi lotayikalo ndi la pamwamba, pamene pamakhala manyowa, phulusa ndi feteleza, fosiforasi amene amapita nalo ndi amene mbewu zikanamupeza mosavuta.

Zimene zingachitike m'munda

Ntchito yaikulu imayamba atangokolola. Mapesi ogonekedwa pa nthaka amaitchinga ku dzuwa, choncho siuma mopitirira. Mvula ikagwa, madontho amayamba kumenya mapesi, madzi n'kutsikira pa dothi mofatsa. Chophimba chimodzi chomwecho chimachepetsa kuphulika kwa tizamoyo, kusweka kwa timibulu ndi kutsekeka kwa timabowo. Apa ndi pamene pagona phindu la ulimi wa mleranthaka pa nkhani ya fosiforasi. Munda wotenthedwa posaka mbewa kapena pososa umataya zonsezi tsiku limodzi.

Ntchito yachiwiri ndi yoimitsa madzi m'munda kufikira atalowa pansi. Akalozera, mizere yotsata akalozerawo, ngonyeka, mayenje, maswale ndi mipanda ya udzu wa vetiva ziyenera kukhala zitakonzedwa mvula yoyamba isanagwe. Mgula wokumbidwa mu Disembala umakhala utachedwa pa madzi amene anali ndi fosiforasi wochuluka. Zigwembe nazo zimafunika kutchingidwa ndi miyala kapena mitengo chilimwe chisanathe.

Yachitatu ndi kathiridwe ka feteleza ndi manyowa. Feteleza wokulitsa ayenera kuikidwa m'kadzenje pambali pa phando n'kukwiriridwa, pa nthaka yachinyontho, motsata muyeso ndi masiku amene alangizi a zaulimi amanena. Womwazidwa pamwamba pa nthaka youma, kapena wothiridwa kumwamba kukuoneka kuti kugwa chimvula, amangodikira madzi omunyamula. Manyowa nawo ndi ofunika kukwiriridwa m'mizere kapena m'mayenje. Mulu wa manyowa wosiyidwa pamtetete chilimwe chonse, kapena khola lomangidwa pamtunda wotsetserekera kumtsinje, zimatulutsa madzi akuda odzaza michere pa mvula yoyamba. Kudzala msanga kumathandizanso, pakuti mizu ikakhalapo michere yomasuka imapeza woilandira.

M'madimba ndi m'masikimu, kuthirira pang'ono koma kawirikawiri n'kwabwino kuposa kulekerera nthaka kung'ambika kenaka n'kuimiza. M'minda ya mpunga, madzi asungidwe m'munda kwa masiku angapo feteleza atathiridwa, ndipo migula ya m'malire ikhale yosadontha.

Udindo wa mafumu ndi makomiti a chitukuko

Madzi sadziwa malire a munda, choncho khama la mlimi mmodzi limatha kugwa m'madzi ngati mnzake wa kumtunda watentha mapesi. Apa ndi pamene mafumu, makomiti a VDC ndi ADC, makomiti osamalira zachilengedwe m'midzi ndi magulu a alimi ogwiritsa ntchito madzi m'masikimu ali ndi mbali yaikulu. Malamulo a m'mudzi oletsa moto wolusa ndi kulekerera ziweto m'minda yophimbidwa amateteza chophimba cha nthaka pa miyezi imene chikufunika kwambiri. Kusiya mpata wa udzu, bango, nsungwi ndi mitengo m'mbali mwa mitsinje kumapatsa madzi malo omaliza osiyirapo matope asanalowe mumtsinje. Posankha malo a zimbudzi, makola ndi maenje a zinyalala za m'misika, ndi bwino kuyang'ana kumene madzi a mvula yoyamba adzalowere.

Pokonza mapulani a chitukuko a m'midzi, chofunika kuganizira kwambiri ndi nthawi. Ntchito zoteteza nthaka zimapindula zikamalizidwa pofika kumapeto kwa Seputembala, ndipo zimayenera kuyambira kumtunda kwa khwawa kutsikira kumunsi. Mudzi ungathenso kudziyesa wokha popanda zipangizo zodula. Madzi otungidwa m'botolo loyera pa khwawa lomwelo, pa mvula yoyamba ya chaka chilichonse, akasiyidwa usiku umodzi amaonetsa kuchuluka kwa matope pansi pa botolo. Fosiforasi wosungunuka saoneka m'botolomo, koma matope akamachepa chaka ndi chaka ndiye kuti madzi ambiri akulowa pansi, ndipo chonde chikutsala m'minda ya eni ake.